Kusankha ndi kukonza tisitima ta rezini tomenyera nkhondo patebulo

Nkhondo ya panyanja yoseweretsa patebulo siifuna katundu wambiri. Nsalu yabuluu, tepi yoyezera, madayisi, malamulo a masewera ndi tisitima, basi. Palibe mapiri oti muumbe kapena mitengo ndi tinyumba toti mupente monga amachitira anzathu a nkhondo za pamtunda. N'chifukwa chake maso onse amathera pa tisitimato, ndipo kamodzi kakakhala ndi chilema aliyense amakaona.

Tambiri masiku ano ndi ta rezini, mtundu wa pulasitiki umene umayamba wamadzimadzi kenako n'kuuma. Rezini imatulutsa bwino tinthu tating'ono kwambiri, koma ili ndi matenda akeake: kupindika, timabowo, kumatamata ndi kuthyoka msanga. Pachithunzi cha wogulitsa matendawa saoneka.

Kasitima koseweretsa musakayese ndi muyeso wa koika m'kabati. Ka m'kabati anthu amakayang'ana pafupi ndipo sakagwira. Koseweretsa mumakaona muli chiimire, kali patali mita yathunthu, ndipo pamasewera amodzi kamasunthidwa kambirimbiri ndi anthu amene mtima wawo uli pa madayisi. Kabwino ndi kamene kamagona osagwedera, kamazindikirika patali, ndiponso sikasiya mlongoti m'dzanja la mnzanu. Za kuchuluka kwa timazenera ndi timakwerero zibwere pambuyo.

Choyamba: sankhani nkhondo, kenako sikelo

Musanagule kanthu, sankhani nkhondo imodzi yaing'ono. Ya ku River Plate ya pa 13 Disembala 1939 ndi yabwino poyambira chifukwa munali sitima zinayi zokha: mbali ino Admiral Graf Spee ya Germany, mbali inayo, ya Britain, Exeter, Ajax ndi Achilles zimene ankazitsogolera Henry Harwood. Ya ku Denmark Strait ya pa 24 Meyi 1941 nayonso zoomberana zinali zinayi, Hood ndi Prince of Wales za Britain kulimbana ndi Bismarck ndi Prinz Eugen za Germany. Ya ku Jutland ya mu 1916 isiyeni kaye, chifukwa munali sitima pafupifupi 250.

Sikelo imakuuzani kuti sitima yachepetsedwa kangati. Bismarck inali yotalika mamita 251. Pa 1/1200 imatuluka pafupifupi masentimita 21, pa 1/1800 masentimita 14, pa 1/2400 masentimita 10 ndi theka, ndipo pa 1/3000 imangopitirira pang'ono masentimita 8. Dulani timapepala ta utali umenewu, mutiyale patebulo panu muone. Maso anu adzakuuzani zambiri kuposa nambala.

Pali chinthu china chimene oyamba kumene sachiganizira. Sitima zikuluzikuluzi zinkatha kuomberana zili motalikirana makilomita 20. Mtunda umenewu pa 1/2400 ndi mamita opitirira 8, pomwe tebulo limene ambiri amasewerapo ndi la masentimita 180 m'litali ndi 120 m'lifupi. Choncho malamulo a masewera amafinya nyanja kwambiri kuposa mmene sitima zafinyidwira. Tisitima tikakula, timaoneka ngati tikufuna kugundana pomwe malamulo akuti tili kutali kwambiri. Kwa ine, nkhondo ya sitima zinayi mpaka khumi imakoma pa 1/1800 kapena 1/2400. Gulu lalikulu limafuna 1/3000 kapena 1/6000. Zombo zakale za matanga ambiri amazikonda pa 1/700 kapena 1/1200, ndipo timaboti ta liwiro toponya matopido (mabomba oyenda m'madzi) timaoneka bwino pa 1/300 mpaka 1/600.

Ngati muli kale ndi anzanu osewera nawo, afunseni sikelo yawo, mutsate yomweyo. Pamenepa palibe zokambirana.

Chachiwiri: dziwani rezini imene mukugula

Ilipo ya mitundu iwiri. Ina amaithira m'chikombole cha labala wofewa. Amasakaniza mankhwala awiri amadzimadzi, n'kuthira, zikauma n'kutulutsa. Matenda a imeneyi ndi timabowo ta mpweya, tizikungwa topyapyala m'mbali momwe chikombole chinakumana, mafuta otulutsira m'chikombole otsalira pamwamba, ndi kufufuma kwa mizere chikombole chikakalamba. Chikombole chimatha ndi ntchito, moti kasitima kotuluka koyambirira ndi kotuluka kumapeto sitifanana ngakhale tili ndi dzina limodzi.

Inayo ndi ya makina oumba zinthu a 3D, imene imaumitsidwa kagawo kamodzikamodzi ndi kuwala kwa UV, kumene kumapezekanso m'dzuwa. Matenda ake ndi timizere ta magawowo, zipsera za timitengo togwiriziza kasitima pamene makina akukaumba, kumatamata ikapanda kutsukidwa bwino, ndi kuuma gwa mpaka kumangothyoka ikaumitsidwa mopitirira. Funsani wogulitsa kukhuthala kwa kagawo kalikonse. Mamilimita 0.05 ndi amene ambiri amagwiritsa ntchito ndipo amakwanira, koma 0.03 amasalala bwino m'mbali zokhota za kutsogolo kwa sitima.

Funsaninso ngati kasitimako kanajambulidwira sikelo imeneyoyo. Ena amatenga chojambula cha sitima ya 1/700 n'kungochichepetsa pa kompyuta mpaka 1/2400. Pachithunzi zimasangalatsa, koma taganizani: kamwa la mzinga wa Graf Spee linali masentimita 28, ndipo pa 1/2400 limangokhala pafupifupi mamilimita 0.1. Mmisiri wodziwa ntchito amanenepetsa dala mizinga ndi milongoti, ndipo tinthu tina amangotisiya. Kunenepa koteroko si chilema, ndi nzeru.

Chachitatu: gulani kamodzi, kafufuzeni bwinobwino

Kwa wogulitsa amene simunamuyesepo, gulani kasitima kamodzi kokha. Musasankhe chisitima chachikulu, chifukwa chonenepa chimabisa zambiri. Sankhani kowonda ndi kotalika monga Ajax, pakuti ndi pa koteroko pamene kupindika ndi kufooka kwa mizinga kumaonekera msanga.

Kakafika, musathamangire kudula kapena kupala. Mukangokhudza ndi mpeni, kubweza kumavuta. Kagonekeni kaye pagalasi kapena pa thailosi yosalala, mugwade mpaka maso alingane ndi galasilo, kuseri kukhale kuwala. Ngati kuwala kukudutsa pansi pa mphuno ndi kumbuyo, kasitimako kapindika ngati uta. Dinani mphuno ndi chala pang'ono: kumbuyo kukadzuka, mwatsimikiza. Kenako kayang'aneni kuchokera kutsogolo kuloza kumbuyo, diso limodzi mutatsinzina. Chumuni, mlongoti ndi zinyumba za mizinga ziyenera kukhala pamzere umodzi. Kupindikira m'mwamba kumakonzeka mosavuta, koma kupotoka ndi nkhani ina.

Yesani utali ndi rula. Graf Spee inali mamita 186, Exeter 175, Ajax 169. Pa 1/1800 muyembekezere pafupifupi mamilimita 103, 97 ndi 94. Milimita imodzi kapena iwiri isakudetseni nkhawa, rezini imafwinya pang'ono pouma. Koma Ajax ya wogulitsa uyu ikatalika kuposa Exeter ya wogulitsa uja, wina mwa awiriwa walakwitsa, ndipo zidzaoneka zikadzayandikana patebulo.

Tsopano unikani ndi tochi kuchokera chammbali, kuwala kuzikwawa pamwamba. Timabowo timakonda nsonga za mizinga, pakamwa pa chumuni, m'makona a nyumba ya woyendetsa ndi pansonga ya mphuno, chifukwa mpweya umakodwa m'malo amenewa pothira. Kabowo ka m'mbali mwa thupi ndi kosavuta kutseka. Mzinga umene watuluka theka lokha ndi ntchito ya madzulo athunthu. Onaninso mzere umene mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Kakhungu kopyapyala kamachoka ndi mpeni, koma ngati mbali imodzi yakwera pamwamba pa inzake n'kupanga kasitepe kodutsa pa zinyumba za mizinga, chikombole chinaterereka ndipo palibe kukonza kwabwino.

Pa ka 3D, onani kumene anaika timitengo togwiriziza. Wodziwa amatiika pansi ndi m'malo obisika. Wosasamala amatibzala padeki (pamwamba pa sitima poyenda anthu) ponseponse, ndipo mukatichotsa pamatsala zithupsa pomwe pamayenera kuoneka matabwa. Kagwedezeni pafupi ndi khutu. Ngati ndi kamphako ndipo mulibe bowo lotulutsira, rezini yamadzi yotsalira m'kati ikhoza kudzang'amba thupi patapita miyezi, mutapenta kale.

Kanunkhizeni ndi kukakhudza mutavala magolovesi. Ka 3D komatamata kamachira. Koma kothira m'chikombole kakakhala kofewa moti chikhadabo chikulowa, kapena kakumangotuluka thukuta lamafuta ngakhale mutsuke, ndiye kuti mankhwala sanawasakanize bwino. Kameneko kabwezeni, penti sadzagwira.

Chomaliza, imirirani, mubwerere m'mbuyo sitepe imodzi. Kodi mukukazindikira? Graf Spee ili ndi zinyumba za mizinga ikuluikulu ziwiri zokha, chilichonse mizinga itatu, ndi nsanja yaitali kutsogolo kwa chumuni. Exeter ili ndi machumuni awiri ndi zinyumba zitatu. Ajax ndi Achilles zili ndi chumuni chimodzi chachikulu ndi zinyumba zinayi. Zizindikiro zimenezi zikaoneka bwino, mmisiri wagwira ntchito. Nkhaniyi si yamasewera okha: ku Denmark Strait, Hood inayamba kuombera Prinz Eugen poganiza kuti ndi Bismarck, chifukwa patali ziwirizi zinkafanana kwambiri. Muonetsetsenso chaka chimene kasitimako kakuimira, pakuti sitima zinkasintha maonekedwe. Warspite, sitima ya Britain, pa nkhondo ya ku Jutland inali ndi machumuni awiri, koma pofika nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inali ndi chimodzi.

Chachinayi: tsukani, kenako wongolani

Tsukani ndi madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale wofewa. Tsukuluzani, musiye kaume kokha. Madzi akamapanga timadontho toyendayenda pamwamba m'malo mofalikira, mafuta akadalipo, bwerezani. Ambiri amene amadandaula kuti penti akusupuka analumpha pamenepa.

Ka 3D komatamata musakagwire ndi manja opanda magolovesi, rezini yosauma imayabwa ndi kuwononga khungu. Katsukeni mu spiriti wotsukira wa isopropyl, kaume kotheratu, kenako kaikeni padzuwa kapena pa nyale ya UV mphindi zochepa uku mukutembenuza. Mukaumitsa kakadali konyowa, pamatuluka zoyerayera ngati choko m'makona.

Powongola, thirani m'kapu madzi otentha koma osawira, a madigiri Celsius 60 mpaka 70. Viikani kasitima pafupifupi theka la mphindi mpaka kafewe pang'ono. Katulutseni ndi chopanira, kagonekeni pagalasi lija, mudine mphuno ndi kumbuyo mofatsa, osakhudza milongoti. Mukadali chidinire, thirani madzi ozizira. Kasiyeni tsiku lathunthu musanachite china chilichonse, chifukwa tina timabwerera mwakachetechete ndipo timafuna kubwereza kawiri kapena katatu. Mzinga wopindika umawongoka chimodzimodzi, koma viikani mzinga wokhawo ndipo muwongole ndi nsana wa mpeni.

Rezini yothira imamvera madzi otentha bwino. Ya 3D imachita makani: ina imamvera, ina imathyoka. Ngati yapindika pang'ono, n'kwabwino kupala pansi pake kusiyana ndi kuikakamiza.

Chachisanu: kudula, kupala ndi kutseka mabowo

Fumbi la rezini si loyenera kulowa m'mapapo. Palani ndi madzi nthawi zonse, valani chophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo pukutani tebulo ndi nsalu yonyowa.

Matani sandipepa wosawonongeka ndi madzi pagalasi, wa nambala 400 kapena 600, mudonthezepo madzi. Gwirani kasitima ndi zala zitatu, chimodzi kutsogolo, china pakati, china kumbuyo, muzikayendetsa mozungulira pang'onopang'ono. Mukadina pakati pokha, mudzadya mimba n'kusiya nsonga. Muzikatembenuza kawirikawiri kuti mbali imodzi isatsike kuposa inzake, apo ayi sitima yanu izidzaoneka yopendekeka ngati yaomberedwa kale masewera asanayambe. Chenjerani ndi zowonda: mukapala kwambiri, deki imayandikira madzi ndipo maonekedwe amasintha.

Zotsalira za pothirira musazithyole ndi manja. Dulani kutali pang'ono ndi thupi, chotsalacho muchipale. Timitengo ta ka 3D timachoka bwino mukayamba mwaviika m'madzi ofunda.

Kabowo kakang'ono katsegulireni pang'ono ndi nsonga ya mpeni kuti chotsekera chilowe, mudonthezemo supa guluu ndi nsonga ya singano, ndipo mupale akangouma, asanalimbe kuposa rezini yomuzungulira. Bowo lalikulu limafuna phala lomata la mitundu iwiri monga Milliput. Guluu wa pulasitiki uja wosungunula sagwira rezini m'pang'ono pomwe. Gwiritsani ntchito supa guluu, kapena epoxy, guluu wosakaniza mitundu iwiri, pa zolemera.

Za milongoti ndinena mosabisa: ya rezini iduleni, ngakhale yabwera yowongoka. Idzathyoka ndithu, ndipo idzathyoka mutapenta. Boolani kabowo ndi kachiboolero kozungulitsa ndi zala, kuya milimita imodzi kapena iwiri, mulowetsemo waya wa mkuwa wa mamilimita 0.3 mpaka 0.5 wopaka guluu kunsonga. Dulani utali waya atagwira kale, ndipo nsonga yake muifufutitse ndi sandipepa kuti isabaye munthu. Mizinga ikuluikulu yotuluka yolumala ikhoza kulowedwa m'malo ndi waya womwewu, koma mukasintha umodzi sinthani yonse ya m'chinyumba chimenecho kuti ifanane. Zinyumba za mizinga zikabwera zapadera, zimateni. Kuzisiya kuti zizizungulira kumasangalatsa tsiku loyamba, kenako zimasochera pansi pa mipando.

Chachisanu ndi chimodzi: penti

Matani kasitima pakamtengo ndi tepi yomata mbali zonse kuti muzigwira kamtengoko. Yambani ndi andakoti wotuwa wopopera, kawiri mopyapyala kusiyana ndi kamodzi mochindikala. Andakoti amaulula timabowo timene simunatione, choncho unikaninso ndi tochi musanapitirize.

Chinthu chaching'ono chimaoneka chakuda kuposa chachikulu cha mtundu womwewo, ndiye sankhani penti wowalirapo kuposa amene mukuganiza. Wotuwa weniweni wa sitima yeniyeni amasandutsa kasitima ka masentimita 8 kukhala kakala panyanja. Sungunulani penti ndi madzi pang'ono. Pentani kaye deki ndi mtundu wa thabwa lotumbuluka, kenako thupi, zinyumba ndi mizinga ndi wotuwa. Kulongosola mzere pakati pa deki ndi zinyumba ndi kumene kumadya nthawi, ndipo ndi kumene kumapangitsa sitima kuoneka bwino patali. Pamenepa dekhani.

Zikauma, pakani penti wakuda wamadzimadzi kuti alowe m'makona, ndipo wochuluka padeki mumuyamwe ndi burashi yoyera. Kenako tengani wotuwa wowala, pukutani burashi papepala mpaka ikhale ngati yauma, muiyendetse mopepuka pamwamba pa zinyumba, mizinga ndi m'mphepete. Pa ka 3D muchepetse dzanja, chifukwa njira ziwirizi zimaonetsanso timizere ta magawo tija. Kakamwa ka chumuni kakhale kakuda, timaboti topulumukira tikhale towala pang'ono. Zakwana. Timazenera ta m'mbali tisakutayitseni nthawi pa 1/2400.

Sitima za mbali ziwiri muzisiyanitseko mtundu, ina yotuwa mowala, ina moderako, kuti wosewera asamachite kuwerama pofuna kudziwa yake. Malizani ndi vanishi wosanyezimira.

Chachisanu ndi chiwiri: pokhazika ndi posunga

Kasitima kalikonse kakhale pa kathabwa kake kosapindika, ka mamilimita 2 kapena 3 kukhuthala, kopitirira thupi pafupifupi sentimita imodzi kutsogolo ndi kumbuyo, kuti zala zizigwira kathabwako osati sitima. Ena, monga kampani ya Warlord Games pa tisitima tawo ta 1/1800, amaumba sitima ndi nyanja yake pamodzi, ndipo pamenepo chofunika kuyesa pagalasi ndi pansi pa nyanjayo. Onani kaye malamulo anu, chifukwa ena amayeza mtunda kuchokera pa nyumba ya woyendetsa kapena pa chumuni, ena kuchokera m'mphepete mwa kathabwa.

Kathabwa kolimba kamathandizanso kugwira kasitima kamene kamafuna kubwerera kupindika. Matani ndi epoxy, mupanikize ndi zopanira zovala mpaka mawa lake. Pakani phala lomata pang'ono mozungulira, mulidinedine ndi burashi kuti pakhale timafunde. Pentani buluu woderako wofanana ndi nsalu yanu, kenako zoyera pang'ono pamphuno ndi kamchira kumbuyo. Zoyerazi zimauza aliyense kumene sitima ikulowera. Nyanjayo ipakeni vanishi wonyezimira. Kumbuyo kwa kathabwa matani kapepala ka dzina ndi kambendera, zilembo zowerengeka munthu ali chiimire.

Mukakonza tinayi tanu, sewerani musanagule tina. Pa River Plate yesani zimene Harwood anachita, Exeter mbali imodzi, Ajax ndi Achilles mbali ina, kuti wa Graf Spee asowe koloza zinyumba zake ziwiri zija. Masewera akatha, onani pamene penti wanyuka ndi chimene chagwedera. Zimenezo zikuuzani ngati wogulitsa uja ndi woyenera kumugulanso.

Posunga, matani maginito opyapyala pansi pa timatabwa, muike tisitima m'bokosi la pansi pachitsulo, chivindikiro chisakhudze milongoti. Thonje ndi siponji zimakola mizinga. Bokosilo lisakhale padzuwa kapena m'galimoto yotseka kukutentha, chifukwa rezini yothira imafewa n'kupindikanso, ndipo ya 3D yosapenta imapitiriza kuuma ndi dzuwa mpaka kumathetheka. Kabotolo ka supa guluu ndi zidutswa zingapo za waya zizikhala m'bokosi lomwelo.